Nkhalango za mangrove zikufunika sayansi yogwira ntchito pamodzi ndi eni mudzi

Okondedwa Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilembeko za nkhalango za mangrove, mitengo imene imamera m'matope a m'mphepete mwa nyanja zamchere, komanso za mmene nzeru za sayansi zingathandizire anthu okhala pafupi ndi nkhalangozo kuti azisamale. Owerenga ena adzafunsa kuti nkhani imeneyi ikutikhudza bwanji ife a dziko lopanda gombe la nyanja yamchere, ndipo yankho lake lili mu mtsinje wa Shire. Madzi otuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi amadutsa ku Liwonde, ku Chikwawa ndi kuno ku Nsanje, n'kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Zambeziyo asanalowe m'nyanja ya Indian amagawika timitsinje tambirimbiri toyenda pakati pa nkhalango ya mangrove, imene ili m'gulu la nkhalango zazikulu kwambiri zamtunduwu kum'mawa kwa Africa. Anamondwe a Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023, amene mabala awo sanapole m'mitima yathu, anatera pa gombe lomwelo, woyambayo pafupi ndi Beira, wachiwiriyo pafupi ndi Quelimane. Komanso anthu ambiri a kumathiriro a Zambezi amalankhula Chisena chomwe timalankhula ife a kumunsi kwa Shire, kotero kuti amene ndikuwanena m'kalata muno ndi abale athu enieni.

Kwa munthu wozolowera msuku ndi mombo, mtengo wa mangrove ndi wodabwitsa. Umamera pamalo pamene madzi amchere amakwera kawiri pa tsiku n'kubwereranso, m'matope akuda opanda mpweya, momwe mitengo ina yambiri ingaume. Ndinaimapo m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais ku Quelimane madzi atabwerera, ndipo ndinaona timizu tambirimbiri tosongoka ta mtundu wa Avicennia titatuluka m'matope n'kuloza kumwamba, pakuti mtengowo umapumira m'timizu timeneti. Pakati pake pankathamanga nkhanu zing'onozing'ono, zimene zimalowa m'mauna munthu akangosuntha phazi. Tsamba la mtengowo ukalinyambita umamva mchere, chifukwa mchere umene walowa ndi madzi umatulukira m'masamba. Mtundu wina, wotchedwa Rhizophora, umaima pa mizu yopindika yochokera pa thunthu, ndipo mbewu yake imamerera pa nthambi pomwepo mpaka kutalika kuposa masentimita 30, kenako n'kugwera m'matope kapena kutengedwa ndi madzi kukamera kwina.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja amadalira nkhalango zimenezi pa zambiri. Ana a nsomba ndi a prawn (tinyama ta m'nyanja todyedwa, ta gulu la nkhanu) amakulira pakati pa mizu yake, amayi amagwiramo nkhanu zazikulu zogulitsa, alimi a njuchi amapachikamo ming'oma, ndipo nsichi ndi mapaso a mangrove ndi olimba moti chiswe sichiwadya msanga. Pafupi ndi mizinda ngati Beira, Quelimane ndi Maputo nkhalangozi zikutha chifukwa cha nkhuni, makala, maiwe opangira mchere ndi kumanga nyumba. Bambo amene akudula mtengo wa mangrove kuti aotche makala amadziwa bwino lomwe kuti nsomba zimachokera mommo, ndipo chimene chikumudulitsa ndi ana ofuna chakudya lero. Ndanena zimenezi poyambirira chifukwa ntchito zambiri zosamalira chilengedwe zimayamba ndi maganizo oti anthu a kumudzi ndi osadziwa ndipo akufunika kuphunzitsidwa, pamene chimene akusowa kwenikweni ndi njira ina yopezera zofunika pa moyo, ndi umboni woti khama lawo lipindula.

Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti kufunira chilengedwe zabwino pakokha sikumeretsa nkhalango. Pamafunika kuyeza, kuwerenga ndi kufufuza, ndipo kuyezako kumapindula pamene kuli m'manja mwa eni malo, osati m'mabuku a alendo okha. Umboni wa zimenezi ulipo wambiri, ndipo wina ndi wowawa kuumva.

Dziko la Philippines linali ndi mahekitala oposa 400,000 a mangrove cha m'ma 1918, koma pofika m'ma 1990 linatsala ndi pafupifupi 120,000, makamaka chifukwa chakuti nkhalango zinagwetsedwa kuti pakumbidwe maiwe oweteramo nsomba. Boma ndi mabungwe othandiza anathira ndalama zambiri pa ntchito yobzalanso, ndipo anthu a m'midzi anabzala mbande mamiliyoni. Mu 2008 katswiri wa m'dzikomo, mayi Jurgenne Primavera, pamodzi ndi mnzake anaunika zotsatira za ntchitoyo, ndipo anapeza kuti pa mbande 100 zilizonse, zimene zinapulumuka kwa nthawi yaitali zinali pakati pa 10 ndi 20 zokha. Zifukwa zake zinali zoonekeratu. Okonza ntchitoyo ankakonda Rhizophora chifukwa mbewu yake ndi yaitali, yosavuta kutola ndi kuzika m'matope, ndiponso yosavuta kuwerenga polemba lipoti. Ankaibzala kutsogolo kwenikweni kwa gombe, pa matope otsika ndi pa udzu wa pansi pa nyanja, pamene mafunde ndi amphamvu ndipo madzi amakhala nthawi yaitali. Malo oyenera, omwe ndi maiwe akale aja, anali ndi eni ake, ndipo kuwakhudza kukanadzutsa milandu ya malo imene aliyense ankaiopa.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Sri Lanka pambuyo pa tsunami (mafunde aakulu obwera ndi chivomezi cha pansi pa nyanja) wa pa 26 December 2004. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2017 anayendera malo 23 amene anabzalidwa, ndipo pa malo 9 panalibe ngakhale mtengo umodzi wamoyo, pamene malo 3 okha ndiwo anapulumutsa mbande zoposa theka.

Sayansi yafotokoza bwino chimene chimachititsa zimenezi. Mitengo ya mangrove imamera pa kachigawo kochepa ka gombe, kuchokera pa mlingo wapakati wa nyanja kufika pamene madzi amalekezera akakwera kwambiri, ndipo siifuna kumira m'madzi kwa nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yonse. Mkati mwa kachigawo kameneka mtundu uliwonse uli ndi malo ake. Sonneratia ndi Avicennia amapirira kutsogolo kumene kuli mafunde, Rhizophora amakonda matope ofewa a m'mbali mwa timitsinje, Ceriops amakhala chakumtunda, pamene Heritiera amafuna malo ofikako madzi opanda mchere. Kusiyana kwa masentimita ochepa pa kukwera kwa nthaka kungathe kupha kapena kupulumutsa mbande. Mlimi wa ku Chikwawa sangadabwe nazo zimenezi, pakuti iye amadziwa kuti mpunga ndi wa kudambo ndipo mapira ndi a kumtunda, ndipo palibe kulimbikira kumene kungasinthe zimenezo. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mbande zikafa, mlandu umagwera anthu a m'mudzi, amene amanenedwa kuti ndi aulesi kapena sanasamale, chonsecho iwo anaponda matope tsiku lonse pa malo amene munthu wina anasankha popanda kuyeza. Anthu otere ukawaitananso chaka chamawa sabwera, ndipo sitingawadzudzule.

Katswiri wina wa ku Florida, malemu Robin Lewis, anathera zaka zambiri akuphunzitsa kuti funso loyamba pamalo powonongeka ndi lakuti n'chifukwa chiyani mitengo sikumera yokha, popeza mbewu za mangrove zimayandama ndipo madzi amazifikitsa paliponse pamene angalowe. Kawirikawiri yankho limakhala lakuti njira ya madzi inatsekedwa ndi msewu, ndi khoma la dziwe kapena ndi mchenga. Njirayo ikatsegulidwa ndipo nthaka ikakonzedwa kuti ifike pa mlingo woyenera, mbewu zimabwera zokha, mitundu yosiyanasiyana n'kukhazikika uliwonse pamalo pake. Iye anaonetsa zimenezi pa mahekitala pafupifupi 500 ku West Lake, pafupi ndi Fort Lauderdale, popanda kudalira kubzala. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ntchito ya munthu apa ndi kuwachotsera chowatchinga. Kubzala kuli ndi malo ake, makamaka kumene mitengo yobereka mbewu inatheratu, koma kumabwera pambuyo pa kufufuza.

Apa ndi pamene sayansi imafunikira eni mudzi kwambiri. Katswiri angabwere ndi makina oyezera kukwera kwa nthaka ndi kuchuluka kwa mchere, koma amene akudziwa pamene kamtsinje kankadutsa zaka 40 zapitazo, mtundu wa mitengo imene inalipo, ndi mwezi umene mbewu zimagwa, ndi agogo amene ankagwira nkhanu pamenepo ali mtsikana. Kumathiriro a Limpopo, pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique, madzi osefukira a mu 2000 anamiza nkhalango ya mangrove kwa masabata angapo ndipo yoposa theka inafa, timitsinje tambiri n'kukwiririka ndi matope. Pamene ntchito yokonzanso inayamba, anthu a m'deralo pamodzi ndi akatswiri a boma ndi a yunivesite ya Eduardo Mondlane anakhazikitsa nazale, komanso anafukula ngalande kuti madzi a m'nyanja azilowanso ndi kutuluka. Ntchito yotere siingatheke popanda makasu ndi chikumbumtima cha anthu a pamalopo, ndiponso siingalondoloke popanda munthu wodziwa kuyeza mlingo wa madzi.

Chitsanzo chimene ndikufuna kukhalapo nthawi ndi cha ku Gazi, m'boma la Kwale kum'mwera kwa gombe la Kenya. Kumeneko bungwe la boma lofufuza za nyanja ndi nsomba, la KMFRI, lakhala likugwira ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1990, motsogozedwa pa nkhani ya mangrove ndi Dr James Kairo, ndipo pambuyo pake anagwirizana ndi Pulofesa Mark Huxham wa ku yunivesite ya Edinburgh Napier ku Scotland. Kwa zaka zambiri ofufuzawa ankachita ntchito yosaoneka ndi maso a anthu ambiri. Ankayeza kunenepa ndi kutalika kwa mitengo, ina n'kuidula ndi kuiika pa sikelo, kuti apeze masamu othandiza kudziwa kulemera kwa mtengo pongoyeza thunthu lake. Ankaboola matope ndi mipope kuti aone zimene zili pansi. Pa kafukufuku wina anadula mitengo mwadala pa timalo tochepa n'kumayeza nthaka, ndipo anapeza kuti pamalo podulidwa nthaka inkatsika ndi masentimita pafupifupi 3 pa chaka, pamene pamalo posadulidwa inkakwera pang'onopang'ono. Tanthauzo lake n'lakuti wodula mangrove amatsitsanso nthaka imene mudzi wake waimapo, chifukwa mizu ikafa imawola ndipo matope amaphwa.

Zimenezi zinagwirizana ndi zimene asayansi ena anapeza m'maiko a ku Asia ndi zilumba za Pacific. Kafukufuku wotchuka wa mu 2011 anaonetsa kuti nkhalango za mangrove zimasunga kaboni, chinthu chimene mitengo imatenga mu mpweya ikamakula, wokwana matani pafupifupi 1,000 pa hekitala, zimene zimaziika m'gulu la nkhalango zosunga kaboni wambiri m'maiko otentha, ndipo gawo lalikulu la kaboniyo lili m'matope, osati m'mitengo. Masamba ndi mizu zikakwiririka m'matope opanda mpweya zimawola pang'onopang'ono kwambiri, kotero kuti zimaunjikana kwa zaka mazanamazana. Nkhalango ikagwetsedwa, kaboniyo amatuluka ngati mpweya umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo.

Pa maziko a kuyeza kumeneku, mu 2013 midzi ya Gazi ndi Makongeni inayamba ntchito yotchedwa Mikoko Pamoja. Anthu anagwirizana kuteteza mahekitala 117 a nkhalango, ndipo mpweya umene nkhalangoyo ikusunga m'malo moutulutsa, pafupifupi matani 3,000 pa chaka, umagulitsidwa kwa anthu ndi makampani ofuna kulipira pa mpweya umene iwo akutulutsa, motsatira malamulo a Plan Vivo, bungwe lotsimikizira malonda otere. Ndalama zake zathandiza kufikitsa madzi aukhondo m'midzi, kugula mabuku a ana asukulu ndi kukonza makalasi, ndipo zoti ndalama zigwire ntchito yanji zimakambidwa pa msonkhano wa mudzi. Mu 2017 ntchitoyi inalandira mphoto ya Equator Prize ya bungwe la United Nations, ndipo mu 2019 njira yomweyo inayambika ku Vanga, kumalire ndi Tanzania, pa mahekitala 460.

Chimene chimandikopa ku Gazi si mphotoyo ayi, koma manja amene agwira tepi yoyezera. Anthu a m'mudzi anaphunzitsidwa kulowa m'timalo todulidwa malire m'nkhalangomo, kukulunga tepi pa thunthu la mtengo uliwonse, kuwerenga mbande zomera zokha ndi zitsa zatsopano, n'kulemba zonse m'kaundula. Ndalama zimabwera pokhapokha manambalawo akaonetsa kuti pangano lasungidwa. Munthu amene wawerenga yekha zitsa, matope ali m'mawondo, safunika kuuzidwa ndi mlendo kuti nkhalango ikutha kapena ikuchira, ndipo akaima pa msonkhano kudzudzula wodula mitengo usiku amalankhula ndi umboni m'manja. Okonza ntchitoyi anakumbukiranso kuti kuletsa kudula sikuchotsa kufunika kwa nsichi ndi nkhuni, choncho anabzala mitengo ya Casuarina kumtunda kuti anthu azipeza mitengo yomangira. Lamulo la dziko nalonso linathandiza, pakuti lamulo la nkhalango la Kenya la mu 2005 linalola magulu a anthu a m'midzi kupangana ndi boma za kasamalidwe ka nkhalango. Popanda lamulo lotere, anthu akanakhala akuyeza chuma chimene alibe nacho ufulu.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti malonda a kaboni ndi mankhwala a mavuto onse. Matani 3,000 pa chaka sangalemeretse midzi iwiri, ndipo mtengo wa kaboni umakwera ndi kutsika pa misika ya kutali imene msodzi wa ku Gazi alibe nayo mphamvu. Ndilinso ndi nkhawa ina yaikulu. Tsopano popeza zadziwika kuti m'matope muli ndalama, makampani akuluakulu ayamba kulengeza ntchito za mahekitala zikwizikwi m'mphepete mwa nyanja ku Africa, kuphatikizapo ku Mozambique. Ngati masamu onse akhala m'makompyuta a kampani, pangano n'kulembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi chovuta, mfumu n'kungodinda chala, ndiye kuti sayansi yomweyo ingathe kusanduka chida cholanda anthu malo amene makolo awo ankagwiramo nkhanu. Mudzi uyenera kudziwa kuchuluka kwa kaboni amene wagulitsidwa m'dzina lake, mtengo wake, gawo limene latsala pamudzi, zaka za pangano, ndi malo amene amayi adzaloledwebe kulowa. Dziko la Mozambique linavomereza ndondomeko yake yosamalira mangrove mu 2020, ndipo phindu la ndondomekoyo lidzaoneka pa mmene mafunso amenewa akuyankhidwira m'midzi.

Palinso zinthu zina zimene munthu wa m'mudzi, ngakhale wanzeru chotani, sangazione ataima pa gombe lake, ndipo apa ndi pamene sayansi imabweretsa chimene mudzi ulibe. Ofufuza amene anayerekeza zithunzi za setilaiti za mathiriro a Zambezi anapeza kuti pakati pa 1994 ndi 2013 nkhalango ya mangrove kumeneko inakula pang'ono, kufika mahekitala pafupifupi 37,000, ngakhale kuti kwina gombe linkakokoloka ndipo kwina matope atsopano ankaunjikana. Ambiri ankayembekezera kumva kuti ikutha monga zilili pafupi ndi mizinda. Kudziwa zimenezi kumathandiza kuti ndalama zochepa zimene zilipo zisamwazike mwachisawawa. Kumene nkhalango ili bwino kumafunika kuteteza ndi kugwirizana za kadulidwe, pamene kufupi ndi mizinda kumafunika kukonzanso ndi kupezera anthu njira ina yophikira.

Sayansi yaonetsanso kuti moyo wa mathiriro a Zambezi umalamulidwa ndi zochitika kutali kumtunda. Damu la Kariba linamalizidwa mu 1959, la Cahora Bassa mu 1974, ndipo kuyambira pamenepo kayendedwe ka madzi kanasintha. Kusefukira kwa chaka ndi chaka kumene kunkanyowetsa madambo a Marromeu, kumathiriroko, kunachepa, madzi a m'chilimwe anachuluka chifukwa magetsi amafunika chaka chonse, ndipo matope ambiri amatsalira m'madamumo. Katswiri wa za nyanja wa ku Norway, Tor Gammelsrød, anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti kuchuluka kwa prawn zogwidwa pa Sofala Bank, dera la nyanja loyang'anizana ndi mathirirowo, kumayenderana ndi kuchuluka kwa madzi a Zambezi m'nyengo ya mvula, pakuti ana a prawn amakulira m'mangrove ndipo madzi osefukira ndi amene amawakankhira kunyanja. Msodzi wa ku Chinde, tauni ya kumathiriroko, amaona kuti ukonde wapepuka, koma sangadziwe yekha kuti chifukwa china chili pa zitseko za damu limene lili makilomita mazanamazana kumtunda. Akauzidwa zimenezi m'chilankhulo chake, amakhala ndi mawu oti akanene kwa olamulira madzi, m'malo momangonenedwa kuti ndi iye amene wamaliza nsomba.

Apa ndi pamene ife Amalawi tikulowa m'nkhaniyi mwachindunji. Shire amathira mu Zambezi kumunsi kwa Cahora Bassa, kutanthauza kuti madzi ndi matope ochokera kwathu amafika kumathiriro osadutsa m'madamu awiri aja. Zimene timachita pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, m'mapiri amene tikuwameta chifukwa cha makala, m'dambo la Elephant Marsh, ndiponso pa ntchito zatsopano monga damu la magetsi la Mpatamanga, zimakhudza madzi amene abale athu a kumunsi amalandira. Magetsi tikuwafuna, ndipo ine sindikutsutsa chitukuko chimenechi. Pempho langa ndi lakuti akatswiri akamaunika zotsatira za ntchito zotere asalekezere pa Marka, ngati kuti mtsinje umathera pa malire a dziko. Malawi ndi membala wa ZAMCOM, bungwe la maiko asanu ndi atatu ogawana madzi a Zambezi, ndipo kumeneko ndi kumene manambala a madzi a Shire ayenera kukumana ndi manambala a nkhalango ndi nsomba za kumathiriro.

Pa nkhani ya anamondwe, sayansi iyenera kunena zoona zokhazokha, ngakhale zitakhala zosakoma kwa opempha ndalama. Ofufuza apeza kuti mamita 100 a nkhalango ya mangrove amachepetsa kwambiri kutalika kwa mafunde wamba, ndipo kafukufuku wa namondwe wamkulu amene anakantha Odisha ku India mu 1999 anaonetsa kuti m'midzi yotchingidwa ndi nkhalango yotakata munafa anthu ochepa poyerekeza ndi midzi yopanda chotchinga. Komabe madzi a m'nyanja okankhidwa ndi namondwe wamphamvu ngati Idai amafuna nkhalango yotakata makilomita kuti achepe mokwanira, ndipo palibe mtengo umene ungaletse mvula yonga imene inagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kuuza anthu kuti akabzala mizere ingapo ya mbande ndiye kuti atetezeka ndi kuwaika pa ngozi, chifukwa tsiku la chenjezo angazengereze kuthawira kumtunda. Nkhalango iyenera kuyendera limodzi ndi machenjezo a zanyengo, malo othawirako ndi ngalande zabwino za m'mizinda.

Chinthu china chimene chimasowa kawirikawiri ndi kubweza zotsatira kwa eni ake. Ofufuza amafika pamudzi, amalandiridwa ndi mfumu, amapalasidwa m'bwato ndi anyamata a pomwepo, amafunsa amayi mafunso tsiku lonse, kenako zimene apeza zimakasindikizidwa kunja m'chilankhulo chimene palibe wa pamudzipo angawerenge. Kumeneku ndi kulakwira anthu, ndiponso ndi kuwononga sayansi yeniyeniyo, chifukwa wofufuza wotsatira amapeza anthu atatopa ndi mafunso. Mapu a nkhalango ayenera kubwerera kumudzi n'kuyalidwa pansi pa mtengo wa bwalo, kufotokozedwa m'Chisena kapena m'Chichuwabo, kuti akuluakulu aloze pamene palakwika ndi kuonjezera zimene setilaiti sinaone, monga manda, malo a miyambo ndi njira za mabwato. Malamulo a kadulidwe, onena za kukula kwa mtengo woyenera kudula, chigawo choyenera kupumula ndi zaka zoti chipumule, amasungidwa pamene anthu aona okha manambala amene abala malamulowo.

Ku Quelimane kuli sukulu ya ukachenjede ya za nyanja ndi magombe ya yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndipo ndikupempha mayunivesite athu, monga LUANAR, MUST ndi Mzuzu, kuti aganizire zogwirizana nayo, kuti ophunzira athu a za madzi, nsomba ndi nkhalango azitha kutsata Shire mpaka kunyanja ndi kuona kumene madzi athu amathera. Ophunzira ochokera ku Nsanje ndi ku Chikwawa angathandize kwambiri pa ntchito yotere, popeza angalankhule ndi asodzi a kumeneko popanda womasulira.

Kwa inu Akonzi ndili ndi mapempho awiri. Tsiku la 26 July linakhazikitsidwa ndi UNESCO mu 2015 kukhala lokumbukira nkhalango za mangrove, ndipo ndikupempha kuti pa tsikulo muzitipatsa nkhani ya m'Chichewa yofotokoza za mathiriro a Zambezi ndi anthu ake. Lachiwiri likukhudza nkhani zonse za kubzala mitengo, kaya ndi ya mangrove ku Sofala kaya ndi ya m'nyengo yathu yobzala mitengo kuno kwathu. Mtolankhani wanu akalemba kuchuluka kwa mbande zobzalidwa, alembenso dzina la malowo, mtundu wa mitengo ndi amene anasankha malowo, ndipo pakatha zaka zitatu abwererekonso kukawerenga pamodzi ndi komiti ya pamudzi mitengo imene ili moyo, n'kutisindikizira nambala imeneyo pa tsamba lomwelo.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Nsanje